Madzi a Mutu a Bornwell Miti

Bornwell Miti ntchito yake inali yotcheza madzi. Anthu akamva zimenezi ankaseka, poti chotcheza chimene tonse tikuchidziwa ndi kachasu. Iye sankaseka nawo. Ankangokoka kolala ya khoti lake loyera n'kunena kuti, "Ni sayansi iyi, imwe simungazibe."

Anabadwira ku Katete. Mayi ake, a Nelesi, anali katswiri wa kachasu, moti otumidwa kudzawagwira ankabwerera akudzandira. Sukulu Bornwell anailekera panjira, koma phunziro la pa mphika wa mayi ake linamulowa mpaka m'mafupa: madontho oyamba kutuluka m'paipi, amene amatchedwa mutu, ndiwo eniake. Apakati ndi a anthu wamba. Omaliza ndi opatsa mlendo amene simukufuna kuti adzabwerenso.

Ku Chongwe anafika m'zaka za chipani chimodzi, nthawi imene khadi la chipani linkatsegula zitseko kuposa satifiketi. Khadilo linamupezera malo pa labu ina yaing'ono, nyumba yoyezeramo dothi la alimi, yomangidwa pafupi ndi khola lalikulu la ng'ombe. Poyamba ankasesa ndi kutsuka mabotolo. Tsiku limene anamupatsa khoti loyera, ngakhale kayendedwe kanasintha. Ankalivala popalasa njinga, kumsika, kumaliro, ndipo akanalivalanso kutchalitchi mkazi wake Jenala akanapanda kulibisa.

M'labu madzi sali amodzi. A pamjigo ndi otsukira mabotolo basi. Oyezera dothi amayenera kutchezedwa, asakhale ndi kanthu kalikonse. Mzungu amene anabweretsa makina otchezera anamulangiza Bornwell mwachidule asanabwerere kwawo: oyamba kutuluka uzitaya, apakati uzisunga, omaliza uziwasiya mumphika.

"Inde bwana," anatero Bornwell, koma mumtima anali kumumvera chisoni. Kutaya mutu? Munthu wopanga ndege koma wosadziwa kutcheza. Galimoto ya mzunguyo isanatuluke n'komwe pageti, mwana wa a Nelesi anali atakonza kale cholakwikacho. Madzi a mutu ankawasonkhanitsa pang'onopang'ono m'botolo lalikulu lagalasi, nalitcha nambala wani, ndipo ndiwo ankapita koyezera dothi. Apakati aja, poti anali a anthu wamba, ankawapereka kwa a Ezron, tcheyamani wa chipani m'deralo, kuti azithira m'batire la Landirova yawo.

Kayezedwe ka dothi kanali kosavuta. Ankasungunula dothi m'madzi, kusefa, kenako kudonthezamo mankhwala. Madziwo akasanduka achikasu kwambiri, ndiye kuti dothi lili ndi chonde; akangoyezuka, dothi ndi lanjala. Lamulo linali lakuti ayambe ayesa madzi okha opanda dothi, koma mankhwala ankasowa ngati sopo ndi mafuta ophikira, ndiye mkulu wa labuyo, a Sanford, anati kuyesa madzi oyera n'kuwononga chuma cha dziko. Iwowo sankakhalitsanso pa labupo. Masemina a ku Lusaka anali ndi chakudya chabwino.

Chiyambire pamenepo, dothi lililonse lolowa m'labumo linkatuluka lili lachonde. Lamchenga, lachonde. Lamiyala la m'mphepete mwa msewu, lachonde. A Sanford anakondwa, ndipo a Ezron analengeza pamsonkhano kuti pansi pa utsogoleri wa chipani ngakhale nthaka yagwirizana. Alimi anawomba m'manja, poti osawomba ankaonedwa, kenako anapita kwawo kukathira feteleza ndi manyowa monga mwa masiku onse. Mwa anthu onse a ku Chongwe, amene anakhulupirira labuyo ndi mtima wonse anali Bornwell yekha.

Chaka china banja lake linalandira munda ku Kanakantapa. Wolima weniweni anali Jenala, ndipo chakudya chonse cha pakhomo chinkayembekezeka kuchoka m'mundamo, chifukwa malipiro a Bornwell ankatha asanafike pakhomo. Jenala anaima pamzere mpaka miyendo kutupa, napeza matumba awiri a feteleza wobereketsa. Anawaika kuchipinda, kumutu kwa bedi, ngati ana akhanda.

Bornwell anatapa dothi la m'mundamo m'kachitini, napita nalo kuntchito. Madzulo anabwera chifuwa chili patsogolo.

"Amake Tenson, munda wathu siufuna fataleza. Napima neka. Yachoka yelo, yelo maningi."

"Atate Tenson, ija nthaka ni muchenga. Nimailima na manja yanga aya."

"Manja siyapima. Mukaikako fataleza, chimanga chizapsa."

"Manje matumba yakulakwilani chani? Yasiyeni yankhale chabe."

Koma Bornwell anali ataganiza kale kopita nawo. Panali mphekesera yakuti pa labu pakufunika wothandizira woyeza, ndipo mawu a tcheyamani ankalemera. Loweruka lina Jenala ali kudimba, matumba aja anakwera Landirova ngati mphatso yothandiza chipani. Jenala atabwera sanalire ndipo sanatukwane. Anangoyang'ana pamene panali matumbapo, kenako anayang'ana khoti loyera lili pamsomali, n'kutuluka. Bornwell anaona ngati mkazi wake wagonja ku sayansi.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho, moti panalibe poinamizira. Chimanga cha anansi chinabiriwira n'kupitirira msinkhu wa munthu. Cha kwa Miti chinafika m'mawondo n'kuima, masamba ali chikasu. Bornwell ankati chikusonkhanitsa mphamvu kumizu. Komabe podutsa m'mundamo anayamba kupalasa njinga mofulumira, maso ali kutsogolo, ndipo mantha anali atayamba kumudya.

Nthawi yomweyo pa labu panabwera mtsikana wongomaliza kumene maphunziro, dzina lake Keziah. Asanakhudze dothi, anachita zimene anamuphunzitsa: anatunga madzi m'botolo la nambala wani, nadonthezamo mankhwala. Madzi okhaokha, opanda ndi kambewu ka dothi komwe, anasanduka achikasu ngati mkati mwa dzira la nkhuku yachikuda.

"Ba Miti, aya manzi mumatcheza bwanji?" anafunsa Keziah.

"Uyo ni mutu weka-weka, ba sisita," anayankha monyadira. "Sinisakaniza."

"Mutu?"

"Yoyamba kuchoka. Yamphamvu."

Keziah anakhala pansi. Kenako anamufotokozera pang'onopang'ono, mwaulemu umene unapweteka kuposa chipongwe. Mjigo uli pafupi ndi khola, ndipo mkodzo wa ng'ombe umalowerera pansi mpaka m'madzimo. Madzi akayamba kuwira, mphamvu ya mkodzowo ndiyo imathamangira kutuluka poyamba, monga imachitira mphamvu ya mowa. A Nelesi sananame ayi: mutu ndi wamphamvudi. Kungoti pa kachasu mphamvuyo ndi imene anthu amafuna, pamene m'labu ndi imene amathawa. Zaka zonsezi labuyo inkayeza chonde cha ng'ombe za kuseri kwa mpanda, n'kumachilemba pa minda ya anthu.

"Nanga yapakati mumayapeleka kuti?" anafunsanso.

"Ku batili ya ba Chairman."

A Sanford atabwerako ku semina anakwiya kwambiri, makamaka chifukwa panafunika munthu wosenza mlandu, ndipo iwo sanali okonzeka. Bornwell sanachotsedwe ntchito, poti khadi lake linali labwino. Anangomuvula khoti n'kumubwezera kotsuka mabotolo ndi madzi a pamjigo, omwe sangalakwitse.

Bornwell anapalasa njinga mpaka kwa a Ezron ali m'malaya wamba, akumva ngati ali maliseche. Chimanga cha tcheyamani chinali chobiriwira mochita kuda, chilichonse chitabereka ana awiri. Bornwell anavula chipewa napempha, mozungulira, ngati mwina kangatsaleko kafeteleza pang'ono.

"Comrade Miti, chimene wapasa chipani siufunsa futi," anatero a Ezron mokoma mtima. "Koma yaja manzi yako ni yabwino maningi. Usaleke."

A Ezron anakwera Landirova, ndipo inalira kamodzi n'kamodzi. M'boma lonselo, batire limenelo ndi lokhalo linapindula ndi sayansi.

Bornwell anapeza Jenala m'munda akuthyola tiziphwisi ta chimanga tosadzaza ndi dzanja lomwe. Anaima kumbuyo kwake. Mwamanyazi, analankhula zoona.

"Amake Tenson, chonde sichinali mu nthaka. Chinali mu manzi yanga, mu botolo."

Jenala sanatembenuke. Anaponya kachiphwisi kena mudengu.

"Kansi sembe tinabyala mu botolo mwamene umo," anatero.

Nthawi yokolola, a Ezron anafuna aganyu, malipiro ake chimanga. Loweruka lililonse Bornwell ankapezeka m'munda mwawo akusenza madengu olemera, ndipo madzulo ankalandira chitini chake ndi manja awiri, akuthokoza. Pakhomo Jenala ankachilandira, kuchipeta, n'kuyang'anitsitsa njere zake zazikuluzikulu.

"Fataleza wanga anagwila bwino," ankatero, n'kupita nacho kuchigayo.