Mapu a Mgodi m'Kope la Masamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene aphunzitsi anasiya kubwera kusukulu. Tinkakhala pakomboni ya mgodi wina wa golide kufupi ndi Connemara, m'nyumba imene agogo anga anapatsidwa atangofika m'dziko lino kuchokera kwawo ku Dedza. Mgodiwo unali utatsekedwa, bambo anali atachotsedwa ntchito, ndipo m'mashopu munali mashelefu okhaokha. Ana tinkangozungulira pakombonipo osadziwa chochita, mpaka tsiku limene kunabwera msuweni wanga Levisoni, mwana wa azakhali. Iyeyu ankaphunzira kuyunivesite ndipo ankagona ku Senga, dera la pafupi ndi yunivesiteyo, koma kumenekonso zinthu zitaima anabwera kudzakhala kwa amalume ake, amene ndi bambo anga.

Levisoni ndiye anatibweretsera masewerawo. Anati anzake amasewera patebulo. Munthu mmodzi amakhala mwini dziko, amapeka malo ndi zilombo zake, ndipo enawo aliyense amasankha munthu woti akhale, nanena chimene akufuna kuchita, kenako n'kuponya dayisi kuti aone ngati zatheka. Ife tebulo tinalibe. Tinagoneka chitseko chakale pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, anthu athu n'kukhala zitsekerero za mabotolo. Mnzanga Rudo anasankha kukhala mkazi wosula zitsulo. Yusufu wa nyumba yoyandikana nafe anali sing'anga woopa mdima, zimene sanachite kuvutika kuyerekeza. Levisoni anali wamalonda woyendayenda.

Poyamba mwini dziko anali iye, koma zinjoka zake zolavula moto ndi nyumba zake za mafumu sizinaopse munthu. Nyumba yamfumu tinaionera kuti ife? Tsiku lachitatu ndinati andipatse mpata, ndipo dziko langa ndinaliika pansi pa nthaka. Ndinapeka Kapitawo Wopanda Nkhope, amene amakufunsa nambala yako ya ntchito, ukangoyankha basi ndiwe wake mpaka kalekale. Ndinapeka makoswe oyera amene amathawa denga lisanagwe, moti wanzeru amawatsatira. Chimene ankachiopa onse chinali Chimezampweya. Chimenechi sichimveka kubwera kwake, umangoona lawi la kandulo likuchepa mpaka kufanana ndi njere ya nyemba, mutu n'kuyamba kulemera. Yusufu anakana kuponya dayisi tsiku limenelo.

Zoona zake n'zakuti sindinkapeka zambiri. M'mawa uliwonse bambo ankanyamula thumba ngati akupita kunkhuni, koma ankakalowa m'dzenje lakale limene kampani inalisiya ine ndisanabadwe. Khomo lake linali kuseri kwa mkuyu, ndipo amene anawasonyeza anali agogo. Timiyala ta golide timene ankabwera nato ndi timene tinkatidyetsa. Amayi anali atandichenjeza kuti nkhani imeneyi isatuluke pakhomo, ine n'kulumbira. Ndipo pakamwa sindinatulutsedi.

Ndinkangofunsa. Madzulo bambo akamasambitsa mapazi m'beseni, ndinkakhala pambali n'kumawafunsa kuti mkatimo mumakhala bwanji. Iwo ankakondwa kuti mwana wamkazi akumvetsera zimene anyamata ankaziona zotopetsa. Ankajambula njira ndi kamtengo pafumbi, n'kunena mapazi ake, kenako n'kufufuta ndi chidendene. Ine ndinkathamangira kuchipinda kukazilemba m'kope la masamu ndisanaiwale. Ndinkangosintha mayina. Mkuyu ndinautcha Chipata cha Akufa, koma mapazi ochokera pa mlatho wa njanji ndinawasiya momwe analili, chifukwa ndinkaona kuti zinthu zenizeni n'zimene zinkawachititsa mantha anzanga.

Levisoni ankandiyamikira kwambiri. "Shuwa msuweni, mutu wakowu ndi wa kuyunivesite chaiwo," ankatero, ine n'kumva ngati ndatalika. Wamalonda wakeyo sankalimbana ndi zilombo. Ankangofunsa njira, kuti kuchokera pamlatho ndi mapazi angati, nanga mwala wonyezimira uli mbali iti. Ine ndinkaganiza kuti ndi katswiri wa masewera. Atandipempha kope kuti akaonetse anzake a ku Senga, akuti akadziwe dzina langa, ndinamupatsa ndi manja awiri, ndipo ndinachita kulikutira ndi pepala la nyuzi kuti lisade.

Patapita masiku anayi, bambo anabwera dzuwa lisanafike pamutu, thumba lili lopanda kanthu, malaya atang'ambika paphewa. Anati pamkuyu apezapo makorokoza, anyamata okumba golide mozemba aja, asanu ndi mmodzi ali ndi zikwanje. Pakati pawo panali Levisoni, atagwira kope lokutidwa ndi nyuzi.

Ndinagwada osaitanidwa, n'kuulula zonse. Ndinkayembekezera lamba, ndipo kunena zoona ndinkalifuna. Koma bambo anangokhala pachitsa.

"Pamene njira imagawikana, kumanzere unalembako chiyani?" anandifunsa.

"Chimezampweya, bambo. Ndinajambula chilombo cha mano."

"Unalemba kuti ndi mpweya woipa?"

"Ayi."

"Ndiye aziti ndi zamasewera a ana," anatero akudzuka.

Amayi anaima pakhomo, manja m'chiuno. "Mukupita kuti? Akulandani chakudya cha ana, akung'ambirani malaya, ndiye mukufuna mukawachengete? Asiyeni akaone okha!"

"Ndi mwana wa mlongo wanga," bambo anayankha. "Akatsamwa m'menemo, mayi ake ndikawauza chiyani?" Kenako anandicheukira. "Tiye. Kope ndi lako."

Tinayenda m'mbali mwa njanji, miyala ikuotcha kumapazi. Pamkuyu panali fungo la fodya ndi thukuta, ndipo anyamata awiri anali atayamba kale kumanga chingwe. Levisoni atationa anayang'ana kumbali.

"Sekuru, musatsamwe," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti amalume musakwiye. "Tonse tikufuna kudya."

Bambo anatambasula dzanja, ndipo Levisoni anawapatsa kope. Anatsegula pa tsamba la chilombo changa, n'kutenga pensulo imene ndinali nditaiika m'tsitsi. Pamwamba pa mano amene ndinawajambula mosamala aja analemba ndi zilembo zazikulu kuti NGOZI. Kenako anafotokozera anyamatawo m'Chishona, pang'onopang'ono, kuti kumanzere asalowe, kuti kandulo ikayamba kuchepa abwerere osathamanga, kuti mnzawo akagwa asamutsatire opanda chingwe. Iwo anamvetsera bwinobwino. Bambo atamaliza, wamkulu wa anyamatawo anathokoza m'Chishona nati, "Tatenda mudhara, tsopano dzipitani," akuloza njira ndi chikwanje.

Tikutembenuka, Levisoni anandiyang'ana koyamba. "Mapu ako ndi abwino, msuweni," anatero. Ndikukhulupirira ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandipweteka kuposa zonse. Ndinalira njira yonse, osati chifukwa cha mantha ayi, koma mkwiyo ndi manyazi.

Bambo sanabwererenso kudzenjeko. Mwezi usanathe anakwera lole kupita ku Botswana kukagwira ntchito yaulonda, munthu amene ankadziwa kumva kulira kwa denga la mgodi n'kumakatsegulira anthu mageti. Anakhalako zaka zambiri, ndipo ndinakula ndikuwaona pa Khirisimasi pokha. Rudo ndi Yusufu anabwera kangapo kudzandiitana, koma masewerawo anathera pomwepo.

Kwa nthawi yaitali mlandu wonse ndinkauika pa Levisoni. Lero ndikudziwa kuti gawo lina ndi langa. Chinsinsi chimene bambo ankachifufuta ndi chidendene ine ndinkachilemba, ndipo ndinachipereka chifukwa chongofuna kuuzidwa kuti ndine wanzeru. Mwana wanjala ya kuyamikiridwa savuta kumubera. Koma gawo lake silinachepe chifukwa cha zimenezo. Iye anali wamkulu, ankadya m'mbale imodzi ndi bambo, ndipo ankadziwa chimene ankafunsa.

Kunjira yakumanzere sikunafe munthu. Levisoni ali ndi nyumba m'tauni, ku Ascot, ndi ana atatu, ndipo pamaliro a bambo ndi iye amene analira kwambiri. Bambo anamukhululukira tsiku lomwelo pamkuyu, asanapemphedwe n'komwe. Ine ndayesetsa, ndapempherera, koma sizinathekebe. Ndikakumana naye m'tauni ndimamupatsa moni waulemu, n'kumayang'ana chifuwa chake chikukwera ndi kutsika, ndikudziwa amene anamusungira mpweyawo.