Ubweya pa magolovesi

Aneba anga kuno ku Sumba, pa zilumba za Faroe, ndiwo amatsogolera nyimbo tikagwirana manja kuvina gule wa makolo. Yapamtima pawo ndi ya mfumu yakalekale ya mtundu wa Ahuni, imene inaitanira alamu ake kuphwando n'kuwapha. Akafika pamene mkazi wa mfumuyo akuchenjeza alongo ake powatumizira mphete yokulunga ubweya wa mmbulu, amaponda pansi mpaka mawindo kunjenjemera. Mawu awo ndi amodzi: "Mlamu akakusekerera, yang'ana kumene kuli chitseko."

Chaka chatha alamu awo, a Trygvi, amene sankalankhulana nawo zaka zisanu chifukwa cha busa la nkhosa, anawaitana kukadya nyama youmitsa ndi mphepo. Alongo a aneba angawo, a Sunneva, omwe ndi akazi a Trygvi, anawatumiziranso magolovesi oluka okha. Pachala chimodzi panali ubweya wotuwa.

"Mwauona?" anandifunsa. "Akundichenjeza."

"Ndiye musapite, achikulire."

"A m'nyimbo aja anapita. Ine ndine yani?"

Anavala malaya awo a mabatani asiliva, n'kundisiyira makiyi a khola.

Mawa lake anabwerako ali ndwii.

"Ubweya uja bwanji?" ndinafunsa.

"Wa galu. Akuti amagona paulusi."

"Ndiye zayendatu bwino."

"Bwino chiyani? Ndinadya mbale zitatu, tinagwirana chanza, busa anandisiyira. Kenako, ine ndili chikhutire, mpweya wosakwana, munthu uja anaimirira n'kuyambitsa nyimbo yanga, nyumba yonse n'kumuvomera." Anapukusa mutu. "Bola akanangondibaya."