Tsegulani pa Chikasu

Ku Matero kunalibe munthu woumira pepala ngati Ba Dyton Mvula. Ndalama ankatha kukugawira, koma ukang'amba pepala loyera pamaso pawo kuti ukulungire fodya, tsiku limenelo moni wako sunkayankhidwa. Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete, nayamba ndi tsache pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Heavy Industrial Area. Atasesa zaka ziwiri anawaika pa gilotini, chimpeni chachikulu chodulira mapepala, ndipo pofika m'ma 1980 anali pa desiki, pensulo kukhutu, ali owerengera mitengo.

Ntchito imeneyi anthu amaipeputsa chifukwa siidetsa m'manja. Munthu akabwera kuti akufuna mabuku a malisiti kapena makalendala, Ba Dyton ndiwo ankadziwa kuti pepala lalikulu lidulidwa kangati, inki ilowa yochuluka bwanji, makina ati agwira maola angati, ndi mapepala angati adzawonongeka makina asanakhazikike. Zonsezi ankazilemba pa fomu ya kotesheni, mzere ndi mzere, n'kusaina pansi. Ankadzitama kuti chiyambire sanaiwalepo mzere ngakhale umodzi, ndipo chokwiyitsa n'chakuti sankanama.

Pepala lalikulu likadulidwa pamatsala zidutswa zazitali, m'lifupi ngati chikhatho. Ena ankazitaya. Ba Dyton ankazitola, kuzimanga m'mitolo, zoyera pazokha, zobiriwira pazokha, zachikasu pazokha. Zinthu zitayamba kuvuta, manijala wa kampaniyo, Ba Chilekwa, analephera kuwakwezera malipiro, ndiye anangoti zidutswazo azitenga. Kunyumba akazi awo, Ba Virginia, ankazipinda n'kuzisoka ndi ulusi wakuda kukhala timakope, n'kumagulitsa kwa makolo pamsika wa Matero. Makope a m'sitolo anali atasowa ngati sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja. Timakope timeneti ndito tinkagula ndiwo m'nyumbamo, ndipo phindu lenileni linkabwera mu Januwale sukulu zikamatsegulidwa.

Mu 1986 kwacha inkagwa sabata ndi sabata, ndipo mtengo wa pepala, lomwe linkachokera kunja, unkasintha munthu asanamalize kuutchula. Pansi pa fomu ya kotesheni panali mawu osindikizidwa kalekale akuti mtengowo ukhala womwewo kwa masiku makumi asanu ndi anayi. Ba Chilekwa analamula kuti mafomuwo atayidwe, asindikize ena a masiku asanu ndi awiri. Kutaya mafomu mazana anayi abwinobwino! Ba Dyton mtima unakana. Anawasunga m'dirowa, ndipo aliyense akabwera iwo ankangokhwatcha 90 ndi cholembera n'kulemba 7 pamwamba pake.

Tsiku lina mu Ogasiti kunabwera Mayi Justina Daka, mtsogoleri wa azimayi a chigwirizano pa tchalitchi china ku Chawama. Ankafuna timabuku mazana asanu ndi limodzi ta nyimbo zimene azimayiwo ankaimba pamtima, zomwe munalibe m'buku lalikulu. Iwonso anali a ku Katete. Nkhani ya kumudzi inakoma, anafunsana za mvula ndi za anthu amene anamwalira kale, ndipo Ba Dyton anawerengera, nalemba makwacha mazana asanu ndi anayi, nasaina. Cholembera sichinafike pa 90 paja.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kumapeto kwa Novembala, kutatsala masiku awiri kuti nthawi ija ikwane, Mayi Daka anatulukira ndi anzawo awiri. Anamasula chitenje pa desiki. Munali ndalama zamapepala zofewa ndi mafuta a zitumbuwa, ndi mulu wa mangwee.

"Ba Mvula, tabwela," anatero Mayi Daka, akutambasula kotesheni ija, yomwe inali itasungidwa m'Baibulo. "Naini handiredi, mwamene munalembela. Miyezi itatu tigulisa vitumbuwa."

Ba Dyton anayang'ana pansi pa fomuyo naona 90 uja ali wosakhwatcha. Mtengo wa pepala unali utakwera kuposa kawiri. Anawapempha amayiwo kuti adikire, nalowa kwa manijala.

"Awe, Ba Dyton," anatero Ba Chilekwa atawerenga. "Iyi ndalama siingagule na pepa yeka. Bauzeni bamayo ati mutengo wachinja."

"Pali siginecha yanga, bwana."

"Nanga nenze nakamba chani pa mafomu aya? Mu sitolo yanga simuzatenga olo shiti imozi ya pepa. Ngati mufuna kupulinta, pulintani pa mapepa yanu."

Ba Chilekwa sanali munthu woipa. Ankangolankhula mokwiya, osadziwa kuti akupereka nzeru. Ba Dyton anabwerera pa desiki, nachotsa pensulo kukhutu. Chidutswa chimodzi chikapindidwa pakati chimapereka masamba anayi. Kabuku kamodzi kankafuna zidutswa khumi ndi ziwiri, ndiye timabuku tonse tinkafuna zikwi zisanu ndi ziwiri ndi mazana awiri, kuwonjezapo zowonongeka. Makina aang'ono osindikizira makadi aukwati ankangokhala, ndipo anthu ake ankaothera dzuwa panja. Pepala likakhala laulere, ndalama za amayiwo zinkakwana inki ndi maola. Ba Chilekwa anayang'ana masamuwo kawiri, napukusa mutu, navomera. Ba Dyton anatuluka n'kuuza Mayi Daka kuti adzatenge timabuku tawo Khirisimasi isanafike, pa mtengo womwewo.

Chinatsala n'chakuti zidutswa zikwi zisanu ndi ziwirizo zinali kunsi kwa bedi ku Matero, zikudikira Januwale.

Ba Dyton anazengereza mpaka Loweruka masana. Anawapeza Ba Virginia pakhonde, singano m'manja, ndipo anafotokoza zonse moyang'ana pansi ngati mwana woswa mbale.

"Batate bake Betty," anatero Ba Virginia, "bana bazadya kotesheni?"

"Ninasaina, bamake Betty. Zina yanga ili paja."

"Zina yanu! Chaka chonse nisunga mapepa aya. Betty nsapato zinasila, ayenda monga alibe makolo. Imwe muiwala kukhwacha namba, olipila ndine?"

Mayiyo ankanena zoona. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, koma kunoku mutu umene unkadulidwa sunali wa wolonjeza. Ba Virginia sanawalankhule Loweruka lonse ndi Lamlungu lomwe. Lolemba m'mawa Ba Dyton anapeza mitolo yonse ili pakhomo, yomangidwa bwino ndi luzi, wilibala ya aneba ili pambali. Akazi awo anali atapita kale kukaima pamzere wa ufa.

Apa ndiye ukatswiri wa bamboyo unaoneka. Mitundu ya zidutswa inali itatu, ndipo mulu waukulu unali wachikasu, wotsala ku malisiti. Kabuku kosokedwa pamsana mapepala ake amalowetsana, moti mtundu umene uli pakati ndiwo wokha umakhala pamodzi. Anawerenga nyimbo za amayiwo napeza kuti theka lake linali za maliro. Choncho anaika zoyera kunja, zobiriwira pambuyo pake, ndipo nyimbo zonse za maliro anaziika pakati, pa chikasu. Ankachita nazo manyazi ndithu, poti pa moyo wawo anali asanatulutsepo buku looneka ngati chitenje.

Atamaliza kusindikiza, vuto lina linabuka. Waya wa sitepula unali utatha m'kampanimo, ndipo m'tauni monse munalibe. Ba Dyton anabwera nawo kunyumba mapepalawo pa wilibala yomwe ija, n'kuyamba kusoka okha pakhonde. Kabuku koyamba kanatuluka kopindika, kachiwiri kanali ndi magazi a chala chawo. Ba Virginia anaonerera mpaka kachitatu.

"Bweletsani kuno," anatero. "Muzatichitisa nsoni ku Chawama."

Anasoka masiku khumi ndi limodzi. Kabuku kalikonse ankakaboola patatu, kulowetsa ulusi wakuda, n'kumanga mfundo kawiri pakati penipeni. Zala zinatupa. Khirisimasi imeneyo m'nyumbamo munalibe nkhuku, Januwale inafika opanda kope limodzi logulitsa, ndipo Betty anatsegulira sukulu ndi nsapato zong'ambika zomwe zija.

Ku Chawama timabukuto tinalandiridwa ndi nthungululu. Kuonda kwake kunathandiza, poti tinkalowa m'thumba la bulauzi ya yunifolomu. Azimayi osadziwa kuwerenga ankapeza malo ndi mtundu wa pepala, n'kumaimba atatsegula ngati anzawo. Ba Chilekwa anawotcha okha mafomu akale aja. Ba Dyton anasunga kope la kotesheniyo, ndipo kwa zaka zambiri ankalionetsa kwa aliyense wofuna kumva, kuti ngakhale m'chaka choipa chija mtengo wawo sunasunthe ndi ngwee imodzi. Ba Virginia akamva nkhaniyo ikuyambanso ankangoseka chamumtima n'kulowa m'nyumba.

Kampaniyo inatsekedwa patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Ba Dyton anakhala kunyumba, akuwerengera anthu a m'komboni malata ndi njerwa zomangira, ndipo pensulo sinachoke kukhutu. Patapita zaka zina Ba Virginia anadwala nthawi yochepa, namwalira m'nyengo yozizira.

Tsiku loika maliro ku manda a Chingwere, anthu atasonkhana kale, kunaima lole imene palibe anaiitanitsa. Munatsika azimayi a yunifolomu, Mayi Daka patsogolo, tsopano akuyenda ndi ndodo. Anagwira Ba Dyton dzanja, nawapatsa kabuku kamodzi, kakuda ndi thukuta, m'makona mutatha. Kenako anatembenukira anzawo.

"Bazimai, tsegulani pa chikasu."

Kabuku kanatseguka kokha pakati m'manja mwa Ba Dyton. Pamenepo panali ulusi wakuda, mfundo yomangidwa kawiri, yolimba ngati yamangidwa dzulo. Nyimbo inayamba, koma iwo sankaona mawu. Kotesheni ija ankaidziwa pamtima, ndipo anaibwereza mzere ndi mzere monga ankachitira pa desiki: pepala, inki, maola a makina, kudula, kupinda. Anafika pansi, nayambiranso pamwamba. Mzere wa wosoka munalibe.

Anaika chala chachikulu pa mfundoyo. Betty, amene tsopano anali mayi wa ana awiri, anaona milomo ya bambo ake ikugwedezeka nayesa kuti akuimba, ndipo anasendera pafupi kuti aimbe nawo.

"Munasoka mabuku sikisi handiredi, bamake Betty," ankatero mkuluyo, misozi ikugwera pa pepala lachikasu. "Sikisi handiredi, na zikomo sininakambe."