Sukulu Imene Inasandutsa Bambo Anga Mkamwini

Ndinabadwira pakomboni ya esiteti ya tiyi kufupi ndi Limbuli, m'nyumba ya njerwa imene kampani inapatsa bambo anga chifukwa anali kapitawo wa m'fakitale, woyang'anira moto woumitsira tiyi. Bambowo analibe kwawo m'dziko muno. Anathawa thangata la Apwitikizi ali mnyamata, n'kuwoloka mtsinje wa Muloza, ndipo sanabwererenso. Nyumba ya kampaniyo ndiyo inali mudzi wawo. Anadzala mapeyala awiri pakhomo, ndipo mwana woyerekeza kuthyolapo nthambi ankadziwanso. Ine ankanditchula kuti "amayi", ati ndinatenga nkhope ya mayi awo amene anawasiya kutsidya.

Sukulu yathu inali chisakasa chaudzu kuseri kwa sitolo. Mphunzitsi anali mmodzi, munthu wabwino ndithu, koma yemweyo analinso kalaliki wa pasikelo. Mvula ikangogwa, tiyi n'kuphuka, aphunzitsi ankaitanidwa kukayeza masamba, ife ana n'kupatsidwa timadengu. Sukulu inkatsekedwa popanda wonena kuti yatsekedwa. Pobwerera, chiperoni chitayamba, a e i o u yense anali atauluka m'mutu, ndiye tinkayambiranso pomwe paja. Ndinakhala m'kalasi limodzimodzilo mpaka ndinayamba kuwaona anzanga pamutu.

Zimenezi zinkawadya bambo anga. Iwo sankadziwa kuwerenga, koma ankaona kuti m'fakitale aliyense wokhala pampando anali wa sukulu ya mishoni. Nkhaniyi inkabuka Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, amayi akusenda nandolo pakhonde, ine ndikunamizira kutsuka mbale pafupi kuti ndimve zonse.

Kumudzi kwa amayi, cha ku Milonde, kunali sukulu ya mishoni yofika Sitandade 6. Poyamba bambo ankati anditumizeko ndekha, ndikakhale ndi amalume. Amayi anakanitsitsa. Ankati mwana wamkazi wokhala pakhomo pa eni amasanduka mlezi, umbuli wake n'kuposa wa pano, kenako timangomva kuti wina wafunsira. Bambo anatchula zokagonera kusukulu ya atsikana, koma fizi yake inali ya ana a abusa ndi makalaliki. Ndiye tsiku lina anangoti tisamuke tonse.

Amayi analeka kusenda. Anati sukulu ya pakomboni ndi yokwana kwa mtsikana, bola adziwe kulemba dzina. Anati kumudzi kulibe phoso la ufa limene antchito amalandira, kulibe chipatala cha kampani, ndipo dothi la kumeneko linatopa. Ine ndinkafufuma ndi mkwiyo kuseriko. Ndinkati amayiwa akufuna ndikalambe ndi dengu kumsana ngati iwowo. Sabata imeneyo ndinkawayankha mokhadzula, ndipo akandituma ndinkayenda ngati ndikupita kumaliro. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi, chifukwa zonse ankatchulazo zinali zongozungulira. Nkhawa yawo yeniyeni anainena Lamlungu lotsatira, motsitsa mawu.

"Bambo ake, alongo anga ndimawadziwa ndine. Kuno ndinu kapitawo, kumeneko mukakhala mkamwini. Nanga ine ndikadzatsogola, inu mudzalowera kuti?"

Bambo anaseka n'kuloza ine. "Pofika tsiku limenelo, amayi angawa adzakhala atadziwa kulemba."

Ndinamva mawu onsewo, koma m'mutu mwanga munangotsala akuti kulemba. Tinasamuka dzinja lisanafike. Katundu anakwana pangolo imodzi, ndipo mapeyala aja tinawasiya atachita maluwa.

Mkamwini ndi mwamuna wokhala kwawo kwa mkazi. Nyumba amamanga yekha koma si yake, munda amalima koma si wake, ngakhale ana amene wabereka mwini wake ndi malume. Bambo anazidziwa zonsezi asananyamuke, koma kudziwa ndi kwina, kulawa ndi kwina. Anapatsidwa munda wa kumapeto, wamiyala, woti ngakhale chinangwa chinkamera monyinyirika. M'mawa ankayamba kulima kwa apongozi awo, agogo anga, kenako n'kumapita kwawo dzuwa litakwera. Akaona apongoziwo akubwera m'njira, mwambo unkati apatuke. Ndinawaonapo bambo anga, munthu woti amuna a m'fakitale ankamuvulira chipewa, atanjuta m'tchire la chitedze kudikira kuti nkhalamba idutse. Ana anzanga anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Amalume aakulu, eni mbumba, sanali munthu woipa, koma ankakonda kumveka. Tsiku lina pa mlandu wa malire a munda bambo anayesa kuikapo mawu. Amalumewo anangoti mkamwini asamakule mwendo, anthu n'kuseka. Bambo anaweramitsa mutu n'kumatokosa pansi ndi kamtengo. Atabwera kunyumba anangondifunsa zimene taphunzira tsikulo. Amayi ndiwo anapita kukalalata kwa alongo awo mpaka mawu anasasa. Koma sindinawamvepo ngakhale kamodzi akuuza bambo kuti paja ndinanena.

Ndisaname, sukuluyo ndinaikonda. Inali ndi mawindo, mabenchi, ndi mphunzitsi wakewake kalasi lililonse. Mvula igwe, tiyi aphuke, belu linkalira basi. Linali chitsulo cha njanji chopachika pamtengo wa mango, ndipo linkamveka mpaka kumunda wamiyala kuja. Bambo ankati akalimva khasu limapepuka. Fizi ankaipeza poluka mphasa ndi kugulitsa nandolo pamsika wa Milonde. Chaka chimene ndinakhala woyamba m'kalasi, aphunzitsi aakulu anaitana mwini mwana kuti aimirire anthu amuone. Anaimirira amalume, atavala jekete. Bambo anali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, akuwomba m'manja kuposa aliyense. Ine ndinayenda n'kukagwada kwa amalume monga anandiphunzitsira, ndipo sindinacheuke.

Inali nthawi ya boma la chitaganya, amuna akukangana za ndale pamsika, pamene amayi anayamba kutsokomola. Ndinali mu Sitandade 6. Sanadwale nthawi yaitali. Tinawaika kumanda a kwawo, pafupi ndi azakhali awo, ndipo bambo anakhala panja pa nyumba ya siwa osadya.

Titameta, panatsala mwambo wosudzula. Mkazi akamwalira, abale ake amamumasula mwamuna kuti abwerere kwawo, akafuna akakwatirenso. Midzi ina, mkamwini akakhala wokondedwa amamuuza kuti akhale alere ana. Ndinkayembekeza kuti amalume anena zimenezo. Anakhala pampando, bambo pamphasa, ndipo anayankhula mwaulemu wonse.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, sitikudandaula. Lero takumasulani. Mutha kupita kwanu."

Palibe amene sankadziwa kuti munthuyo alibe kwawo. Bambo anawomba m'manja n'kuthokoza. Ine ndinali pakati pa amayi ena, mutu uli mbee. Nyumbayo ndi mundawo, mwa mwambo, zinali zanga tsopano. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi ngati mawu a mtsikana wosakwatiwa akanamveka pabwalo limenelo. Mwina akanandikhalitsa chete. Koma sindinayese n'komwe, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Madzulo ake ndinawauza bambo kuti ndipita nawo. Anakana. Anati akabwerera kuesiteti, ngakhale ukapitawo ndi nyumba ija anapatsa wina kalekale. Anamva kuti kukufunika mlonda, ndipo alonda amagona angapo m'chipinda chimodzi, mosayenera mwana wamkazi. Komanso, anatero, kumeneko tiyi waphuka, ndiye ndikudziwa kumene aphunzitsi ali.

Ananyamuka Lolemba m'mawa, sabata ya mayeso. Anatenga mphasa imodzi, khasu, kapu yawo yachitsulo ndi bulangete la kampani limene tinabwera nalo. Ndinawalandira mtolowo n'kuusenza, ndipo tinayenda limodzi mpaka pamphambano, pamene njira ina imalowera kumishoni, ina kumsewu wa ku Limbuli. Ndinkafuna kuwaperekeza mpaka kumsewu. Tili pomwepo, chitsulo chija chinalira.

Bambo ananditula mtolo pamutu n'kuuika paphewa pawo.

"Amayi, musandiperekeze. Muchedwa kusukulu."

Ndinathamanga, ndipo sindinachedwe. Mayesowo ndinakhoza, ndinapita kukaphunzira zauphunzitsi, ndipo ndaphunzitsa ana a anthu mpaka tsitsi lachita imvi. Bambo anamwalira ali mlonda, ine ndisanapatsidwe nyumba yoti ndiwaitanire. Anawaika kumanda a kampani, pakati pa anthu ena opanda kwawo, ndipo dzina la pamtanda wawo ndinalemba ndine.