Mizu ya Doraji ya Mayi Pyo

Mayi Pyo Gyeong-ja anakwatiwa kumapiri a Taebaek akadali mtsikana. Amuna awo, a Ma Deok-su, ankakumba malasha, ndipo mgodi utatsekedwa anatulukamo ndi chifuwa chosatha. Mayiwo analima katsetse ka kuseri kwa nyumba nkudzalapo doraji, duwa lija limafufuma ngati chibaluni lisanamasule. Mizu yake yoyera ankaisenda, kuifikisa ndi mchere kuti kuwawa kuchoke, nkuikazinga m'mafuta a chitowe. Ina ankaiwiritsa ndi uchi kuti bambowo azimwa ngati mankhwala a chifuwa.

Chaka china mvula ya mu Julaye inagwa osapuma. Mayi Pyo anazula muzu umodzi, wa zaka zitatu, naupeza uli phwetephwete, ukununkha. Anaona ngati malodza. M'nyumbamo nakonso kutsokomola kunali kutasintha, kumathera m'kaliwu kopyapyala ngati mluzu.

Mwana wawo Mi-ran anaimba foni ali ku Seoul, ndipo mayiwo anamuuza za muzu woolawo ndi za chifuwa cha bambo ake.

"Amayi, mizu siiona zam'mapapo. Apititseni kuchipatala abambo."

"Uwauze wekha. Ine ndikatchula chipatala amakweza wailesi."

Tsiku lina m'mawa, pobwera kumsika, Mayi Pyo anapeza chitseko chili pululu. Pamphasa panalibe munthu. Anaitana, zii. Anathamangira kuseri, akuterereka m'matope, nkupeza amuna awo atakhala pansi pakati pa maluwa, khasu lili pambali, ngalande ataikumba theka. Milomo inali itada.

"Bambo a Mi-ran! Mukufuna mundisiyire maliro chifukwa cha mizu?"

"Nanga munda ukaola," anatero bambowo mpweya ukuwathawa, "mudzandimwetsa chiyani? Madzi otsukira mpunga?"

"Khalani chete, nkhalamba yosamva inu!"

Anayesa kuwadzutsa koma analephera. Anawafunditsa chovala chawo chamvula nkutsetsereka kukagogoda kwa a Bang, oyandikana nawo amene anali ndi kalole. Njira yonse ya kuchipatala Mayi Pyo anagwira dzanja la amuna awo, akuwerama kumvetsera ngati akupuma.

Kuchipatala anawagoneka. Mayi Pyo anatsekereza dokotala pakhonde.

"Adokotala, kodi ndawachedwetsa ndine ndi mizu yanga ija?"

"Lawapweteka ndi fumbi la mumgodi, mayi. Bwenzi mutabwera kale, komabe mwafika."

Yankholo silinawakhazike mtima pansi. Analitembenuza uku ndi uku mpaka tsiku lotuluka.

A Ma anabwerera kunyumba ndi makina othandizira kupuma, akudandaula kuti awamanga chingwe ngati mbuzi. Theka la munda linali litaola. Mizu yotsalayo mayiwo anaikumba okha nkuyanika pakhonde. Masiku ano akamapalira samaliza mzere osapita pawindo kukasuzumira.

Mi-ran akuumirira kuti asamukire ku Seoul chisanu chisanayambe. A Ma akuti kumeneko adzapita ali m'bokosi. Mayi Pyo sanasankhebe pakati pa kusamuka ndi kutsala.