Folo Si Kufola

Ndikukumbukira bwino kuti ndinakulemberani kalata yodandaula koyamba Lolemba lotsegulira sukulu, kachiwiri titangomweta mpunga. Makope a makalata awiriwo ali m'sutikesi mwanga, pamodzi ndi tikiti ya kuchipatala ya mchemwali wanga Esinati, yomwe inafiira kalekale. Inu a komiti ya bwalo lamasewera simunandiyankhe, choncho imvani za tikitiyo.

Ndili Sitandade 3, a Nampota anabwerera kuno ku Domasi atatha zaka akunyamulira mabwana zikwama za gofu ku Zomba. Anabwera ndi ndodo imodzi yachitsulo ndi timipira tiwiri toyera, tolimba ngati miyala ya mumtsinje. Ankatiphunzitsa kudambo tikaweruka, dzenje lake chitini chokwirira. Anatiphunzitsa kagwiridwe ka ndodo, kaimidwe, ngakhale kukhala chete, zimene aphunzitsi athu analephera. Anaiwala chimodzi chokha.

Tsiku lina anatituma kutsogolo kuti tikaone pogwera mpira. Tinakhala pa udzu, tikutafuna misale. Ndinamva kuti thwaa, kenako a Nampota akukuwa:

"Folo! Folo!"

Ife tinkadziwa kufola kwa kusukulu, kumene wochedwa ankalawa chikoti. Tinadzambatuka n'kuima pamzere, manja m'mbali, Esinati patsogolo poti anali wamfupi. Mpira unamupeza pakhutu. Sanalire. Anangogwa, msale uli m'manja, magazi akutsikira m'khosi. Ndinamugwedeza, osayankha.

A Nampota anafika ali wefuwefu. "Ana inu! Ndimati weramani!"

"Munati tifole," ndinatero.

Anathamanga naye kuchipatala pa njinga. Anachira, koma mpaka lero ukamuyankhula uli kumanzere kwake amangomwetulira.

Lero gofu wabwerera ndi ndodo zambiri, ndipo mdzukulu wanga Tadala ali m'gulu la ana ophunzira gofu pa bwalo lanu. Sindikuletsa ayi, Loweruka lililonse ndimapita kukathandiza anawo kagwiridwe ka ndodo. Koma mphunzitsi wawo akukuwabe "Folo!" Sabata yatha ndinaona ana atatu akutembenuka, mitu ili m'mwamba, kufuna kudziwa amene akuitana. Ndinakumbukira tsiku lija.

Ndikupempha komiti ilamule kuti mwana asagwire ndodo asanaphunzire kuwerama, ndiponso kuti mawu okuwa akhale "Weramani!" Chonde ndiyankheni polemba Loweruka lisanafike, pakuti Tadala ndiye wamfupi pa onse.