Mayi Amene Ankasesa Gombe

Namondwe atadutsa pachilumba cha Vanua Levu, Akanisi anatsala ndi ana awiri, nyumba yopanda denga ndi manda a mwamuna wake, Timoci. Denga akumpingo anamuthandiza kukhoma. Koma manda aja anali kufupi ndi gombe, ndipo nyanja inali itayamba kudya mtunda. Madzi akadzaza, dothi linkagumuka.

Anthu ena anayamba kufukula abale awo kukawaika kuphiri. Akulu ampingo anamuuza kuti, "Mayi, nanunso konzekani. Nyanja siimva kulira."

Akanisi anakana. Timoci asanamwalire anapempha yekha kuti adzagone pambali pa amayi ake, pansi pa mtengo wa kokonati. Akanisi ankadziwa kuti kale pagombepo panali nkhalango ya dogo, mitengo yomera m'matope a madzi amchere, imene inkatchinga mafunde. Anthu anaitha ndi nkhwangwa pofuna nkhuni ndi mitengo yomangira.

Anatola mbewu za dogo zobwera ndi madzi nayamba kudzala, monga momwe ankadzalira chinangwa: m'mizere yowongoka, motalikirana bwino. M'mawa uliwonse madzi akaphwa ankabwera ndi tsache, akung'ung'udza nyimbo ya m'kwaya. Ankasesa masamba owola, kukoka zipika zobwera ndi madzi, ndi kukwirira maenje a nkhanu. Gombe linkawala ngati bwalo la tchalitchi.

Mafunde anakokolola zonse. Anadzalanso, zinapitanso. Zitakokolokanso ulendo wachitatu, anakhala pamchenga nalira, mtanda wa pamanda utayamba kupendekeka.

Apo ndi pamene panatulukira msuweni wake Vilimaina, wogwira nkhanu, matope ali mpaka m'mawondo.

"Iwe mkazi wa ukhondo, wasesa nyanja yonse lero? Abusa abwera kudzayendera?"

"Ndisiye, Vili. Mulungu wandifulatira."

"Aaa, usamunamizire Mulungu. Wafulatira ndiwe, ndi tsache lakolo. Dzuka, tiye ukadetse diresi."

Anamukokera kumathiriro a mtsinje, kumene kunatsala dogo wowerengeka. Kunali fungo la zowola, udzudzu, ndi matope omeza phazi. Akanisi anagwira mphuno.

"Ukunyansidwa? Uku ndiye kukhitchini," anatero Vilimaina akuseka. "Tsamba likagwa, nkhanu imadya. Nkhanu ikakumba, muzu umapuma. Muzu umagwira matope. Iwe wathamangitsa wophika, wataya ndiwo, ndiye ukudabwa kuti ana akufa?"

Akanisi anayang'anitsitsa. Timitengo tating'ono tinali titamera mothithikana kuseri kwa chipika chowola, popanda wotidzala. Mumtima anati, Ambuye, Inu amene munaikira nyanja malire, ndimayesa munda wanu ndi wauve, chonsecho simunalenge kanthu koti kakhale pakokha.

Tsache analisiya kunyumba. Anayambira kumathiriro kuja, n'kumadzala m'magulumagulu, pang'onopang'ono kulowera kumanda. Zipika ankazikokera kutsogolo kwa mbewu kuti zilandire mafunde. Mbewu zambiri zinafabe. Amayi anzake ankamuseka kuti wamasiye wapenga, akulima m'madzi. Iye ankangopukuta thukuta, mawa n'kubweranso.

Zaka zinapita. Mizu inalukana, matope anayamba kuunjikana pomwe panali mchenga wokhawokha. Nkhanu zinabwerera, tiana ta nsomba tinapeza pobisala, ndipo mbalame zinatsata nsombazo. Akanisi anayamba kugulitsa nkhanu kumsika wa ku Labasa, zazikazi zamazira n'kumazibwezera m'madzi. Ana ake sanagonenso ndi njala, ndipo amayi omuseka aja anabwera kudzapempha mbewu.

Kenako kunabwera namondwe wina. Mudzi wonse unathawira m'tchalitchi, n'kumayimba mokweza kuti ana asamve mkokomo. Mphepo italeka, Akanisi anathamangira kugombe mtima uli m'mwamba. Nthambi zinali zitathyoka, zinyalala zili mbwee. Koma mafunde anathera mphamvu m'mizu ija. Manda a Timoci anali pomwepo, dothi lake losagumuka. Anagwada m'matope momwemo nayamika.

Abale anga, mwina nanunso mwadzala katatu, katatu konse madzi n'kutenga. Kulephera kwanu si umboni woti Mlengi wakutayani. Pukutani misozi, mverani ngakhale amene akukulangizani moseka, sinthani kadzalidwe. Mawa madzi akaphwa, mtima usagwe: tengani mbewu, bwererani kugombe.